CHINGWE CHA MBEDZA

Dziko la Chiradzulu liribe nyanja. Munthu akakwera pa phiri la Chiradzulu tsiku lopanda nkhungu, aona minda ndi midzi ku mbali zonse, ndi timitsinje totsika m'zigwa; koma madzi akuru ali kutali, ku Nyanja ya Chilwa, cha kumpoto kwa kum'mawa. Nsomba zambiri zimene anthu a kuno adyera nsima zichokera komweko: matemba ouma, makumba, ndi milamba yowamba, zimene amalonda afika nazo ku misika ya Namadzi ndi Mbulumbuzi. Chifukwa chache pamene nyanjayo inaphwa, monga m'chaka cha 1968 ndi cha 1995, ndiwo zinasowa ngakhale m'midzi imene eni ache sanaonepo bwato.

Koma ngakhale kulibe nyanja, anyamata a kuno saleka kuwedza. Mvula ikagwa, madzi nadzala m'maiwe a mtsinje wa Namadzi, umene upita pa Magomero, kapena m'maiwe a Mombezi, mnyamata adula nsungwi, nakumba nyongolotsi pa dzala, napita. Zida zache ziri zitatu: ndodo, chingwe ndi mbedza. Mbedza aisamala kwambiri, pakuti anaigula ndi ndalama. Ndodo aisankha bwino, pakuti anzache adzaiona. Koma chingwe angotola chiri chonse chimene wachipeza, kaya ulusi wosokera thumba, kaya twaini wotsala pomanga mtolo. M'menemo ndimo alakwa. Pakuti pakati pa dzanja la munthu ndi pakamwa pa nsomba palibe kanthu kena koma chingwe, ndipo chikaduka, mbedza yabwino ija ipita pamodzi ndi nsomba.

Kale anthu sanali kugula zingwe. Anali kupota okha. Luzi lopambana linali la bwazi, kamtengo ka m'thengo ka maluwa ofiirira onunkhira bwino. Munthu anali kusenda khungwa la nthambi zanthete, nalipala, natulutsa timizere toyera tolimba ngati mtsempha. Mizu ya mtengo umenewu iri ndi ululu, ndipo mwana asaitafune konse. Anthu a m'mbali mwa Nyanja ya Malawi anali ndi chitsamba china, dzina lache chopwa, chimene anali kulukira makoka ao. Pambuyo pache kunafika khonje, chomera chochokera ku Mexico, chimene tsopano chiri m'malire a minda yambiri ya kuno.

Kapotedwe kache ndi kotere. Wopota atenga timitolo tiwiri ta luzi, natigoneka pa nchafu, natikankha ndi chikhatho, kuti kamtolo kali konse kapotoke pa kokha. Pobweza dzanja, timitolo tiwirito tizengana tokha, koma mozungulira kwina. Mphamvu ya chingwe ichokera pamenepo: kamtolo kali konse kafuna kumasuka, koma pofuna kumasuka kakanikiza kanzache, ndipo tonse tiwiri tigwirana. Luzi likafika pothera, wopota alowetsa lina. Ndipo mmisiri weni-weni salumikiza timitolo tonse tiwiri pa malo amodzi, koma kena apa, kena patsogolo, kuti pasakhale malo ofoka. Chingwe chotere chiri chabwino ndithu, ndipo sichifuna ndalama. Bvuto lache ndi lakuti chimwa madzi, ndipo munthu akachisunga chonyowa chibvunda msanga.

Magalimoto atachuluka m'dziko muno, asodzi a ku nyanja anapeza nzeru ina: anang'amba matayala akutha, nasolola ulusi wa m'kati mwache, nalukira maukonde. Koma chimene chinasintha nchito yonse ndicho nailoni. Munthu wophunzira wa ku America, dzina lache Wallace Carothers, anapanga nailoni m'chaka cha 1935 m'nyumba za kampani ya DuPont, ndipo zisanapite zaka zambiri anthu anayamba kugulitsa zingwe za mbedza za nailoni. Pofika zaka za m'ma 1960 asodzi ambiri a dziko lino anali atasiya luzi. Chingwe cha nailoni chimene ana achidziwa, choonekera ngati madzi, sichipotedwa iai. Chiri mzere umodzi wokha, monga tsitsi limodzi lalitali. Sichibvunda, ndipo nsomba sizichiona msanga. Koma dzuwa lichifoketsa. Chikakhala miyezi yambiri pa denga chiyera, nichiduka ngati udzu wouma.

Tsono pali mtundu wachitatu, umene wayamba kuoneka m'manja mwa anthu obwera ku ulendo: chingwe choluka. Kupota ndi kuluka nkosiyana. Popota, timizere tizengana. Poluka, tipingasana, kena pamwamba kena pansi, monga atsikana aluka tsitsi. Kuluka zingwe za mbedza si kwatsopano. Anthu a ku Ulaya anayamba ndi ubweya wa ku mchira wa kavalo, ndipo pambuyo pache analuka ulusi wa silika. Chatsopano ndicho ulusi umene alukira masiku ano. Wina uchedwa Dyneema, umene anaupanga a kampani ya DSM ku Holland. Wina wofanana nao uchedwa Spectra, wa ku America. Zingwe za ulusi umenewu zinafala kuyambira zaka za m'ma 1990. Makina aluka timitolo 4 kapena 8, ndipo kamtolo kali konse kali ndi timizere tambiri-mbiri toonda koposa tsitsi la munthu. Chingwe cha timitolo 8 chiri chosalala ndi chobulungira. Cha timitolo 4 chiri chokhakhala pang'ono, ndipo mtengo wache uli wotsika. Chodabwitsa chache ndi ichi, kuti chingwe choluka chikhala ndi mphamvu yolingana ndi nailoni wonenepa kawiri kuposa icho.

Mwa anthu amene akonda zingwe zimenezi muli owedza nsomba ina yaikuru, dzina lache carp. Mwana akadziwa khalidwe la nsomba imeneyi, ndi maganizo a anthu oiwedza, adzazindikira msanga kasankhidwe ka chingwe cha nsomba iri yonse.

Carp iribe dzina la Chinyanja, pakuti kwao si kuno. Kwao ndi ku mitsinje ya kum'mawa kwa Ulaya, monga Danube, ndi ku Asia. Anthu a ku China aweta nsomba za mtundu wache m'maiwe okumba kwa zaka zoposa 2,000. Ndipo ku Ulaya ansembe okhala m'nyumba zopatulika anali kuiweta kale lomwe, kuti akhale ndi chakudya pa masiku osala nyama. Ku Poland ndi ku dziko la Czech mabanja ambiri adya carp usiku wa Khrisimasi. Iri ndi mamba akuru, ndi tindebvu tinai pa mlomo. Pakamwa pache palibe mano. Mano ache ali ku khosi, ndipo ndi amenewo iphwanya nkhono ndi njere zouma. Idya pansi, ikufukula matope ndi mlomo monga nkhumba ifukula m'munda.

Ngakhale carp iri mlendo, abale ache ali ambiri m'madzi a dziko lino. Ophunzira za nsomba anena kuti matemba, usipa, mpasa, sanjika ndi nchila ziri za fuko limodzi ndi carp. Mwana akatenga temba louma naliyang'anitsa pakamwa, sadzapezapo dzino ndi limodzi lomwe, monga momwe ziri ndi mbale wache wamkuruyo.

Carp yeni-yeni inalowa m'dziko la Malawi m'chaka cha 1976, kuchokera ku Israel, ndipo anaiweta ku Domasi, m'boma la Zomba, kumene ayesa kaweteredwe ka nsomba. Alimi ena anailandira m'madamu ao, naikonda chifukwa ikula msanga ndi madeya okha. Koma akuru oyang'anira nsomba anachita mantha. Nyanja ya Malawi iri ndi mitundu ya nsomba mazana ambiri imene sipezeka kwina kuli konse pa dziko lapansi, ndipo yambiri, monga chambo, ikumba zisa zache pa mchenga. Nanga nsomba yofukula pansi ndi kubvundula madzi ikalowa m'menemo, zisazo zidzatani? Ku Australia carp inathawa m'madamu, nidzaza mtsinje waukuru wa Murray, ndipo anthu a kumeneko alephera kuichotsa. Chotero kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990 Boma linaletsa kuweta carp. Alimi ena anadandaula, ndipo dandaulo lao linali lomveka, pakuti anataya nsomba yopindulitsa. Koma nsomba ikalowa m'nyanja palibe munthu angathe kuiitana kuti ibwerere.

Motero mnyamata wa ku Chiradzulu sayembekeza kukola carp m'dziwe la kwao. Koma ku England ndi ku South Africa anthu ambiri agona pa gombe usiku wonse chifukwa cha nsomba imeneyi. M'chaka cha 1952 munthu wina wa ku England, Richard Walker, anakola carp ya mapaundi 44 pa dziwe la Redmire. Kulemera kumeneko ndiko makilogalamu 20, monga ndowa yaikuru yodzala ndi madzi. Sanaidya iai, anaitumiza yamoyo ku London, ku malo oonetsera nyama, kuti anthu akaione. Owedza carp a ku England akakola nsomba aiyesa pa sikelo, naijambula, naibwezera m'madzi. Mwana wochokera ku nyumba yopanda ndiwo adzayesa kuti anthuwo apenga. Koma iwo afuna masewera, osati chakudya, ndipo chifukwa cha masewerawo analingalira za zingwe koposa anthu ena onse.

Choyamba chimene ayang'ana ndicho kutamuka. Nailoni atamuka ngati mphira: munthu akakoka chidutswa chotalika ngati mkono, aona ndi maso kuti chatalika. Chingwe choluka sichitamuka konse, kapena pang'ono pokha. Tsono carp iri nsomba yochenjera, yokonda kudya kutali ndi gombe, ndipo owedza aponya nyambo mamita 100 kapena kuposa. Pa mtunda wotere nsomba ikagwira nyambo ya pa nailoni, kukoka kwache kuthera m'kutamuka kwa chingwe, ndipo munthu samva kanthu kufikira nsomba yalabvula. Koma pa chingwe choluka, ngakhale nsomba ingokhudza, nsonga ya ndodo igwedezeka pomwepo. Ndiponso popeza chiri choonda, mphepo siichikankha kwambiri poponya, ndipo pa malo a udzu wa m'madzi chidula udzuwo ngati mpeni.

Koma ubwino womwewo usanduka choipa nsomba ikafika pafupi. Carp ikaona gombe ithawa ndi mphamvu yache yonse modzidzimutsa. Nailoni alandira kugwedeza kumeneko potamuka. Chingwe choluka sichilandira, ndipo mphamvu yonse igwera pa mlomo wa nsomba, mbedza ning'amba mlomowo nituluka. Chifukwa chache wowedza ndi chingwe choluka ayenera kukhala ndi ndodo yofewa yopindika, yotalika ngati mamita atatu ndi theka, ndi kachitsulo kokulungira chingwe kamene kalola chingwe kutuluka nsomba ikakoka kopambana. Eni maiwe ena a ku England akaniza chingwe choluka pa madzi ao, ponena kuti chibvulaza nsomba.

Pali zobvuta zina. Chingwe choluka chikakhuzika pa mwala wakuthwa kapena pa chigoba cha nkhono chiri chokokeka, timizere tache tiduka kamodzi-kamodzi, ndipo chitha msanga koposa nailoni wonenepa. Pa madzi oyera nsomba zichiona, pakuti sichionekera. Ndiponso ulusi wache upepuka koposa madzi, kotero kuti chiyandama. Mwa ichi owedza ambiri alumikiza nailoni wonenepa ku mapeto kwache, kuti mbali yokhudza miyala ndi yoonedwa ndi nsomba ikhale ya nailoni.

Pa mphamvu ya chingwe, opanga alemba chiwerengero pa chokulungira chache, kawiri-kawiri m'mapaundi. Paundi imodzi ichepa pang'ono pa theka la kilogalamu. Chotero chingwe cholembedwa 15 chiduka ndi katundu wa makilogalamu 7, ndipo cholembedwa 20 chiduka ndi wa makilogalamu 9. Owedza carp ambiri agwiritsa nailoni wa mapaundi 12 kapena 15, ngakhale nsomba imene aifuna ilemera kawiri kuposa pamenepo. Kodi zitheka bwanji? Chifukwa chache nchakuti nsomba iri m'madzi sirendewera pa chingwe. Madzi ainyamula, monga mwana atha kunyamula mnzache wamkuru posambira. Chimene chidula chingwe si kulemera kwa nsomba, koma kugwedeza kwadzidzidzi, ndi mwala, ndi mfundo yoipa. Nchito ya wowedza ndiyo kutopetsa nsomba, ndipo ikatopa aitunga ndi kaukonde. Sainyamula ndi chingwe.

Mbedza nazo ziri ndi ziwerengero, koma zobwerera m'mbuyo: chiwerengero chikakula, mbedza ichepa. Za carp zikhala pakati pa 4 ndi 8, zazing'ono ndithu poyerekeza ndi nsombayo. Ndipo popeza carp iyamwa chakudya niyesa ngati muli chitsulo, nilabvula msanga, anthu awiri a ku England, Len Middleton ndi Kevin Maddocks, anapeza nzeru ina cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Sanabaya nyambo pa mbedza, koma anaimanga pa kaulusi kafupi kolendewera pansi pa mbedza. Poyamba anayesa ndi tsitsi leni-leni la munthu. Nsomba iyamwa nyambo yofewa, mbedza yopanda kanthu nitsatira m'mbuyo. Polabvula, mbedza ikola mlomo wa pansi.

Ku South Africa, kumene amuna ambiri a dziko lino apita kukagwira nchito, owedza carp a pa damu la Vaal anyenga nsomba ndi chimanga chophika ndi mibulu ya ufa wa chimanga, pafupi-fupi ngati nsima. Munthu wina wa kufupi ndi Namadzi, amene anakhala zaka zingapo ku Johannesburg, anaona zimenezo, ndipo pobwera kwao anatengera mwana wa mlongo wache chingwe choluka chobiriwira cholembedwa 20. Pomninkha anati, "Mphwanga, chingwe ichi sichiduka. Kumeneko akolera nsomba zazikuru ngati mbuzi." Amalumewo sananama kweni-kweni, koma iwo anangoonerera ena akuwedza, ndipo sanadziwa za mfundo.

Mnyamatayo anali ndi mbedza imodzi yaikuru, imene anaigula ndi ndalama za ganyu wopalira. Pa dziwe lina la miyala panali mlamba waukuru umene unali utadula zingwe za anzache kawiri. Loweruka madzulo anamanga mbedza yache ndi mfundo ya masiku onse, yomwe amangira khonje, nauza amache kuti asabvutike ndi ndiwo. Ndodo sanatenga, poyesa kuti nsungwi idzathyoka chingwe chisanaduke. Anangokulunga chingwe pa zala zache, naponya.

Dzuwa liri pafupi kulowa, chingwe chinayenda. Mnyamata anakoka, mlamba nao unakoka, ndipo pomwepo anamva ngati moto pa zala. Chingwe choonda chija chinali chitalowa m'mnofu ngati lumo. Anapirira, osataya. Koma mwadzidzidzi chingwe chinapepuka, ndipo pochikoka anapeza kuti mbedza palibe. Anabwera ku mudzi kuli mdima, magazi ali chuchuchu, ndipo usiku umenewo banja lonse linadyera nsima chisoso.

M'mawa mwache agogo ache amuna, amene pa unyamata wao anakhala ku Kachulu pa gombe la Chilwa, anamuitana pa khonde nati, "Bwera nacho kuno chingwe chako chosadukacho."

Mnyamata anati, "Agogo, amalume anandinamiza. Chaduka."

Agogo anagwira nsonga ya chingwe, naiyang'ana nthawi yaitali pa dzuwa, nati, "Iai, mdzukulu wanga, usawanenere amalume ako. Taona apa. Nsonga iyi yapotana ngati mchira wa nkhumba. Chingwe sichinaduke; mfundo yako ndiyo inapulumuka."

Ndipo anamphunzitsa kuwerenga nsonga ya chingwe, monga mlenje awerenga mapazi. Nsonga yopotana inena kuti mfundo inamasuka, ndipo mlandu uli pa womanga. Nsonga yonyenyeka, ya timaubweya, inena kuti chingwe chinakhuzika pa mwala, kapena pakamwa pa mlamba, pamene pali pokhakhala ngati tupa. Nsonga yoduka bwino-bwino inena kuti chingwe chinachepa mphamvu, kapena kuti munthu anakoka mwaukali. Msodzi wosayang'ana nsonga adzataya mbedza yachiwiri monga anatayira yoyamba.

Agogowo sanaonepo chingwe cha mtundu umenewu ndi kale lonse, koma anachipyola pakati pa zala namva kuterera kwache, nazindikira. Khonje liri lokhakhala, ndipo mfundo iri yonse igwira. Ulusi watsopanowu uli woterera ngati therere, ndipo mfundo ya kamodzi ingosolokoka. Anati, "Chinthu choterera achigwira pawiri." Mfundo imene anamuonetsa ifanana ndi imene owedza a maiko ena aicha Palomar. Munthu apinda nsonga ya chingwe kuti ikhale pawiri, nalowetsa popindapo pa diso la mbedza. Ndi chingwe chapawiricho amanga mfundo wamba, koma osakoka. Kenaka apyoletsa mbedza yonse m'kati mwa popinda paja, nanyowetsa mfundo ndi malobvu, nakoka pang'ono-pang'ono kufikira yalimba. Kunyowetsako kuli ndi chifukwa: chingwe chouma chikakhuzana chokha chitentha, makamaka nailoni, nichifoka pa mfundo pomwepo.

Mnyamata sanabvomere msanga, pakuti zala zinali kumpwetekabe. Tsono agogo anabwereka mbedza kwa mnansi, natuma mdzukulu kukatenga ndowa ndi botolo la lita imodzi. Anamanga chingwe pa nthambi ya mango, nakoleka ndowa pa mbedza, pafupi ndi nthaka, kuti ikagwa isaphwanye phazi la munthu. Lita imodzi ya madzi ilemera kilogalamu imodzi. Chotero powerenga mabotolo munthu adziwa katundu amene chingwe chanyamula. Poyamba anayesa mfundo yakale ija: pa botolo lachitatu ndowa inagwa, ndipo nsonga inatuluka yopotana monga dzulo. Atamanga mfundo yapawiri anathira mabotolo asanu, asanu ndi limodzi, asanu ndi awiri, ndowa iri lende, ndipo agogo anati, "Basi, leka, mbedza ya eni ingaongoke." Ana a sukulu akhoza kuyesa chomwecho ndi khonje, ndi ulusi wa thonje, ndi nailoni watsopano ndi wakale, nalemba ziwerengero m'makope mwao, adzaona kuti kawiri-kawiri chingwe chiduka pa mfundo kapena pafupi nayo.

Zitatha izi agogo anafunsa za dziwe lija, ngati liri la miyala kapena la matope, ndi ngati madzi ache ali oyera. Atamva kuti liri la miyala, analamula kuti ku mapeto kwa chingwe chobiriwiracho alumikize nailoni wonenepa wotalika ngati mkono, kuti ndiye akumane ndi miyala ndi pakamwa pa mlamba. Za kuoneka kwa chingwe anati zisamdetse nkhawa, pakuti mlamba udya usiku ndi m'madzi obvunduka, ndipo ufuna chakudya ndi ndebvu zache koposa ndi maso. Analamulanso kuti adule nsungwi yaitali ya nsonga yofewa, namangepo chingwe, ndipo asachikulungenso pa zala. Chikakodwa pansi, achikulunge pa kamtengo ndi kukoka ndi kamtengoko. Potsiriza anamchenjeza kuti aime pa mtunda, osalowa m'madzi odikha, m'mene mukhala nkhono za likodzo.

Mnyamata anafunsa nati, "Nanga matemba ndi makumba, agogo, ndiziwedzanso ndi chomwechi?"

Agogo anaseka nati, "Kodi mbewa aipha ndi mkondo wa njobvu?" Namuuza kuti temba liri ndi pakamwa pang'ono, ndipo lichita mantha ndi chingwe chooneka, lifuna nailoni woonda koposa onse, ndi kambedza kakang'ono, ndi kachidutswa ka phesi koyandama kosonyeza kuti nsomba yadya. Makumba nao ali ochenjera pa madzi oyera, ndipo kwa iwo nailoni wa mtengo wochepa wa pa msika apambana chingwe cha ku Johannesburg.

Panali kanthu kamodzi kamene agogo sanakondwera nako. Anaona tizidutswa tobiriwira timene mnyamata anatidula poyesa mfundo tiri mbwee pa bwalo, nati atole tonse. Chingwe cha bwazi chikatayika pa gombe chibvunda mvula isanathe. Koma ichi ndi nailoni zikhala zaka zambiri, nizikola miyendo ya nkhuku pa mudzi, ndi ya mbalame za m'madzi ku dambo, kufikira mwendo uduka. Mnyamata anatola tonse natiika m'thumba la kabudula.

Anapalira m'munda wa mnansi masiku awiri kuti apeze ndalama za mbedza ina. Zala zitapola, anabwerera ku dziwe lija ndi nsungwi yache, agogo ali m'mbuyo ndi ndodo yao yoyendera. Mlamba unagwira kutada pang'ono. Nsungwi inapindika ngati uta, ndipo mnyamata anafuna kukoka ndi mphamvu, koma agogo anati, "Leka, usaulimbane nao, utsate, utope wokha." Unathawira ku miyala kawiri, nubwerera kawiri, ndipo kachitatu unatembenuka mimba yoyera m'mwamba. Agogo anamuuza kuti augwire pa mutu, kuseri kwa minga iwiri ya m'mbali, pakuti minga imeneyo ibaya koopsa. Sunali waukuru ngati mbuzi. Unali wotalika kuyambira pa chigongono cha mnyamata kufikira ku nsonga za zala, ndi chikhatho china pamwamba. Pomasula mbedza anayang'ana nailoni wonenepa uja, napeza kuti wakhuzika malo atatu, ndipo anamdula pomwepo kuti mawa alumikize wina.